Kapeti ya a Ndamva

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso, ndipo chiphasocho chili m'sutikesi kunsi kwa bedi. Tonse timangowadziwa kuti a Ndamva. Dzinali analitola ku chigayo, kumene agwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi, chimanga chikulowa kumwamba, ufa ukutuluka kumunsi, makutu akutha pang'onopang'ono ngati sopo wa kubafa. Ukafika ndi thumba lako n'kuyamba kufotokoza kuti ukufuna ufa wosalala, iwo ankakudula usanafike ndi pakati pomwe: "Ndamva." Ukadandaula pambuyo pake kuti ufawo watuluka wokhakhala, ankakuyang'ana ngati wasintha maganizo ndiwe.

Si kuti anali amwano ayi. Anali ndi mantha. Anaona ndi maso awo zimene zinagwera mkulu amene anawaphunzitsa ntchito. Tsiku limene mkuluyo anavomera kuti sakumva bwino, anthu anayamba kumukuwira ngati mwana wopulupudza, ndipo mwezi usanathe mwini chigayo anamuuza kuti akapume. A Ndamva analumbira chamumtima kuti dzina loti gonthi silidzawagwera iwo. Anaphunzira kuwerenga milomo, kugwedeza mutu pa nthawi yake, ndi kuseka anzawo akaseka. Zotsalazo ankangoganizira, nthawi zina n'kulasa, nthawi zambiri n'kuphonya.

Makutu awo enieni anali akazi awo. Mayi amenewa anabadwa ndi mawu oti akaitana mwana mmodzi pakhomo, ankabwera ana a nyumba zitatu. Kumsonkhano wa makolo kusukulu, kuchipatala, ngakhale pamaso pa eni nyumba, ankakhala kumanzere kwa amuna awo, kumene kunali khutu lokhalako bwino, ndipo ankabwereza chilichonse ngati akungodabwa nacho. "Akuti madzi atseka Lachinayi, inu. Lachinayi lomweli, zoona?" A Ndamva n'kuyankha modzimva kuti, "Ndamva kale, Amayi." Zaka zonsezo mayiwo sanawaululepo, ngakhale pa mkangano, pamene munthu amatola chilichonse chogendera mnzake.

Ndiye kunabwera sitiroko. Inawapeza mayiwo akuyanika zovala, n'kutenga dzanja lamanja, mwendo wamanja, ndi mawu aja. Atatuluka m'chipatala ankalankhulabe, koma motsitsa, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa, liwu lililonse lochita kukoka. M'nyumba munagwa bata loti ngakhale a Ndamva analimva.

Dokotala wa mafizo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, ananena kuti mayi azichita masewera awo atagona pansi kawiri pa tsiku, koma osati pa simenti. Simenti ya pabalaza pawo inali yozizira, komanso yonyezimira ndi polishi amene mayi omwewo anakhala akupaka atagwada kwa zaka zambiri. Panafunika kapeti. Mzime wawo, mtsikana wothira mafuta pa filing'i siteshoni, ndiye anafotokozera bambo ake nkhaniyi, mokweza, kawiri. Ana anasonkha kangachepe, kokwanira kapeti imodzi yosadzitama. Yolakwika ikagulidwa, yalakwika basi.

Loweruka m'mawa a Ndamva anavala jekete ndi chipewa, n'kuyeza malo a pakati pa mipando ndi nsapato zawo, chidendene kugunda chala: khumi ndi imodzi m'litali, zisanu ndi zitatu m'lifupi. Mzime anali kukhitchini kutsuka makapu. Mayi anali pa mpando wawo pafupi ndi windo, ndodo yoyendera atayedzamiritsa pakhoma. Pamene bambo ankadutsa kupita kuchitseko, mayi anawagwira mkono wa jekete ndi dzanja lamanzere n'kunena kanthu. Milomo yokhota ija a Ndamva anali asanaphunzire kuiwerenga. Chimene chinafika m'khutu ndi mchira wokha wa mawu: "…era."

"Ndamva," anatero. Liwulo linatuluka lokha, monga limachitira nthawi zonse. Mayi anawayang'ana kanthawi, kenako anasiya jekete lija.

Anazindikira tsoka lawo ali kale m'minibasi. Era. Chiyani era? Yoyera? Zikhoza kutheka, mayi amakonda zoyera, makatani a pabalaza ndiwo mboni. Komanso kapeti yoyera ingabise bwino ufa umene iwo amabwera nawo m'tsitsi ndi m'matumba. Koma munthu wodwala angafune chinthu chochapa sabata ndi sabata? Mwina anati yolemera, kuti isamasunthe akapondapo. Kapena ya olemera, kuwatonza pang'ono monga ankachitira kale ali bwino? Yoterera? Yokwera? Ndipo kutsogolo kwa mchirawo kunali "ikhale" kapena "isakhale"? Kondakitala anawafunsa kawiri kumene atsikire, iwo n'kumuyankha kuti amva, mpaka anapitirira masiteji awiri n'kubwerera wapansi.

Sitolo yoyamba inali ya magalasi, yozizira mkati, makapeti atapachikidwa motsatizana kuti uzivundukula ngati masamba a buku. Panabwera mtsikana wa yunifolomu yakuda.

"Takulandirani, bambo. Mukufuna saizi yanji?"

Liwu loti saizi analigwira pa milomo. "Nsapato khumi ndi imodzi ku zisanu ndi zitatu."

"Nsapato sitigulitsa kuno, bambo. Ndi makapeti okhaokha."

"Ndamva. Ndikunena nsapato zangazi, mwanawe." Anakweza phazi kumuonetsa.

Mtsikanayo anali woleredwa bwino, sanaseke. Anatenga tepi, anagwada, anayeza nsapato ija, n'kudinadina pa foni yake. "Ndiye kuti mukufuna ya thuu handiredi bayi firii handiredi."

A Ndamva anayesa akuwauza mitengo iwiri, ndipo anasankha wotsikawo mosazengereza.

"Amenewo ndi masentimita, bambo," anatero mtsikanayo, n'kuwatembenuzira kapepala ka mtengo kolendewera pangodya ya kapeti. Anawerenga, anapukuta m'maso, anawerenganso, kenako anachotsa dzanja pa kapetiyo ngati yawotcha. Komabe poti alowa kale, anafunsa ngati yoyera ilipo. Inalipo, yaubweya wautali woti phazi limamira mpaka m'kakolo. Anaiponda, n'kuganiza za phazi la mayi limene limakhukhuluzika pansi, ndi ndodo yawo ikukodwa mu ubweyawo. Anafunsa yolemera. Mtsikana anawakokera ina yoti anthu awiri asenze. Anafunsa ngati pali ina iliyonse yothera ndi "era".

"Pepani bambo, yothera ndi chiyani?"

"Basi, zikomo, ndibweranso," anatero, n'kutuluka akukanda kunsi kwa chipewa.

Sitolo yachiwiri inali ya hadiweya, yonunkha penti ndi mphira. Kumeneko makapeti anali apulasitiki, okulunga pa mipope, odula ndi sizasi. Wogulitsa anali bambo wa pensulo pakhutu, wolankhula mokweza mwachibadwa, moti a Ndamva anamukonda asanaone katundu.

"Iyi ndiye ya anthu ngati ife, madala. Tiyi atayike, mwana akodzerepo, inu n'kungopukuta. Maluwa kapena mabokosi?"

Mtengo wake unali wokambika. Bamboyo anayala chidutswa pansi kuti achione bwino. A Ndamva anapondapo ndi nsapato yawo yakutha kunsi, phazi linangoti seee, ndipo akanapanda kugwira wilibala yomwe inali pambali, akanatuluka m'sitolomo atanyamulidwa.

"Yoterera!" anatero mokondwa, ngati munthu wapeza kiyi wotayika.

"Polishi wa kufakitale akatha imasiya," anatero wogulitsa, wodabwa kuti kasitomala akusangalalira kugwa.

Chimwemwecho sichinafike ndi pakhomo pomwe. Ngati mayi anati isakhale yoterera, ndiye kuti anangowauza yosagula, yogulayo ikanali yosadziwika. Ndipo ngati sanatero konse, ngati anati yoyera, ndiye kuti iwo asiya yoyera m'sitolo ya magalasi n'kumakondwera ndi zopanda pake. Anaima pakhonde la hadiweya, anthu akuwalambalala, mutu utaima.

Apa munthu wanzeru akanakwera minibasi, ulendo wa theka la ola, n'kukafunsa. Tisawanenere zabwino a Ndamva, maganizo amenewo anawadzera, ndipo anawapitikitsa okha. Kukaima pamaso pa mayi n'kunena kuti sanamve kunali kuwauza kuti mawu awo atha, kuti ntchito imene agwira zaka zonsezi sangaigwirenso. Ankadziuza choncho, kuti akuteteza mayi. Chinanso chinali manyazi awo omwe, koma chimenecho sanachiyang'ane. Ndipo panalibe chofulumirira, mzime sapita kuntchito Loweruka. Zoti sabata imeneyo anasinthana ndi mnzake ndipo alowa thwelofu koloko, mtsikanayo ananenadi patebulo Lachisanu, bambo ake n'kumuyankha monga mwa masiku onse.

Dzuwa lili paliwombo anafika kumsika wa kaunjika. Kuseri kwa ogulitsa makatani kunali mayi wina wathupi, atakhala pa mulu wa makapeti okulunga, akusenda nthochi. Anawayang'ana a Ndamva kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Mwatumidwa," anatero. Sikunali kufunsa.

"Ndamva. Ndikufuna kapeti."

"Yotani?"

A Ndamva anakhala pa benchi osauzidwa, miyendo inali itatopa. Anafotokoza za akazi awo, za dokotala, za simenti yozizira. Za mchira uja sananene. Anangoti akufuna kuona yoyera, yolemera, ndi ina iliyonse yosaterera. Mayi wogulitsayo anawayalira zinayi pa dothi, chimodzichimodzi, akuzikung'untha fumbi. Ina inali ndi chithunzi cha kambuku. Ina inali yofiira kwambiri ngati ya muholo. A Ndamva ankaponda iyi, kuponda iyo, kunyamula ngodya kuyesa kulemera, kenako kubwereranso pa yoyamba. Zonse zinkaoneka zolondola, ndipo zonse zinkaoneka zolakwika.

"Madala," anatero mayiyo akuloza jekete lawo. "Foni yanu. Aka n'kachitatu ikulira."

Anaitulutsa. Pagalasi panali dzina la akazi awo, ndipo kunsi kwake kunaonetsa kuti ayimba kale kasanu ndi kawiri. Anaiyika kukhutu lamanzere, chala china atatseka lamanja. Kumbuyo kwawo wina ankayesa wailesi, ngolo yamanja inkadutsa ikulira mateyala. Kutali kwambiri, ngati kunsi kwa chitsime, kunamveka kamawu ka mayi, kakukoka, kakupuma, kakukokanso. Ndipo kumapeto kwake, mchira womwe uja: "…era."

"Ndamva, Amayi, ndamva. Ndikusankha. Musade nkhawa." Anadula. Ndiye kuti nkhani yake ndi yaikulu, mpaka kuimba kasanu ndi katatu.

"Akuti chiyani akunyumba?" anafunsa wogulitsa uja.

A Ndamva anayang'ana makapeti anayi aja. "Akuti… ikhale yoyenera."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali, khoko la nthochi lili m'manja. Anali atagulitsa kwa anthu ambiri, ndipo wosamva ankamudziwa. Sanawakuwire. Anangosendera pafupi, kumanzere, n'kulankhula pang'onopang'ono. "Safunsa anadya phula, madala. Koma poti mwati yoyenera, dikirani." Anafukula kunsi kwa mulu n'kutulutsa ina yotuwa, ya mtundu wosadziwika bwino, pakati pa phulusa ndi dothi. Ubweya wake unali waufupi, wothinana, ndipo kunsi kwake kunali mphira. Pangodya imodzi panali chipsera cha ayironi, chooneka bwinobwino ndi nsonga yake yomwe. "Iyi siyenda, siyikola phazi, ndipo imafunda. Chipserachi ndicho chatsitsa mtengo. Mukaike kunsi kwa mpando."

Inali kapeti yabwino, ndipo a Ndamva anadziwa. Koma sinali yoyera. Anapempha mayiyo awasungire, n'kuyendanso mtunda wonse kubwerera ku sitolo ya magalasi kukafunsa ngati pali yoyera yaing'ono, yotsala, yothimbirira pangodya, iliyonse. Mtsikana wa yunifolomu uja anali atapita kukadya. Anamudikira. Atabwera anawauza mwaulemu kuti palibe. A Ndamva anabwerera kumsika, anagula yotuwa ija, wogulitsa anaimanga ndi chingwe m'malo atatu. Minibasi ziwiri zinawakana chifukwa cha kutalika kwa katunduyo. Yachitatu inavomera, koma inakhala pasiteji kudikira kudzaza, iwo atakumbatira kapeti pakati pa miyendo, akubwerezabe chamumtima: yoyera, yolemera, yoyenera. Anafika pakhomo pawo nthawi itapitirira folo koloko.

Chitseko chinali chongotseka, chosakhoma. Anakankha ndi phazi, kapeti ili paphewa, atakonza kale pakamwa mawu ofotokozera chipsera chija. Pa mpando wa pawindo panalibe munthu.

Mayi anali pansi, pakati pa mpando ndi khomo lopita kuchimbudzi, atagona chammbali pa simenti yawo yonyezimira. Ndodo inali itathawira kunsi kwa tebulo, kutali ndi dzanja. Foni inali pafupi ndi tsaya lawo. Siketi inali yonyowa, ndipo ankanjenjemera pang'onopang'ono. Maso anali otsegula, ouma, akuyang'ana kuchitseko.

A Ndamva anaponya kapeti n'kuitana mzime. Anaitananso. M'khitchini makapu anali atavundikiridwa bwinobwino pathireyi, ndipo yunifolomu ya mtsikanayo, imene imakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, kunalibe.

Anagwada, anawagwira mutu, mkono, chiuno, kufufuza pothyoka. Mayi anapukusa mutu kuti palibe. Thupi lawo linali lozizira ngati simenti yomweyo. Kuwanyamula okha kukawaika pa mpando sakanatha, nawonso msana unatha kalekale ndi matumba. Anadula zingwe zija ndi mano, anatambasula kapeti pambali pawo, n'kuwatembenuzira pamenepo pang'onopang'ono monga anaonera dokotala akuchita, phewa poyamba, kenako chiuno. Anatenga madzi ofunda ndi kansalu, anawasintha zovala, mayi atatembenukira kukhoma ndi manyazi. Anawafunditsa bulangete ndi jekete lawo pamwamba.

Atatha anakhala pansi pa kapetipo. Kunalibenso chogwira. Mayi ankawayang'ana, osati mokwiya, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri. A Ndamva anavula chipewa, anagona chigonere pafupi nawo ngati mwana, n'kuika khutu lamanzere pafupi ndi pakamwa pawo.

"Amayi," anatero. "M'mawa muja sindinamve. Pa foni paja sindinamvenso. Bwerezani."

Mayi anakoka mpweya n'kunena. Mpweya wawo unafunda pakhutu, koma mawu anafika oduka.

"Sindinamvebe. Bwerezaninso."

Dzanja lamanzere lija linakwera, linagwira khutu la amuna awo n'kulikokera pamilomo penipeni.

"Ndimati… musachedwe… kubwera."

A Ndamva anatseka maso. Tsiku lonse anazungulira tauni ndi mchira wa mawu amenewa, kuwuyeza pa makapeti a eni ake, pamene mwini mawu ali pa simenti kuyang'ana chitseko. Anachita manyazi amene sanachitepo chibadwire, oposa amene ankawathawa zaka zonsezi, ndipo analira, misozi ikugwera pa kapeti yatsopano. Anapepesa kangapo. Mayi sanasiye khutu lija.

Patapita nthawi mayi anatsitsa dzanja n'kuyamba kusisita ubweya wa kapetiyo, uku ndi uku, mpaka zala zinafika pa chipsera cha ayironi. Anachipapasa mozungulira, n'kunena kanthu.

"Mwati bwanji?"

Anabwereza.

"Kachitatu, Amayi. Musatope nane."

Mayi anapuma, anameza malovu, n'kuyambiranso liwu loyamba.